Nsapato Ziwiri Zosiyana za a Chidendene

Malemu anabadwa pa 9 Juni 1958, oyamba m'banja la ana asanu. Ine ndaima panone ndine mlongo wawo, chitsirizira, ndipo ndinakulira pamsana pawo.

Sukulu anayamba mu 1965, koma analekezera Fomu 2 bambo athu atamwalira, kuti ife tiphunzire. Mu 1976 analowa ntchito pa fakitale ya nsapato, yosesa zidutswa za zikopa pansi pa makina. Patatha zaka zitatu anakhala pa makina osokera, ndipo mu 1990 anakwezedwa kukhala kapitawo. Anzawo anawatcha a Chidendene, chifukwa ukawapatsa moni ankayamba ayang'ana nsapato yako, nkhope pambuyo.

Mu 1980 anakwatiwa ndi alamu athu, oyendetsa basi, amene akhala apowa. Alamu amavomera okha kuti tsiku lofunsira mbeta anavala nsapato zobwereka, apo ayi akanabwezedwa.

Mu 2003 dziko lathu linalowa m'bungwe la mayiko ochitira malonda pamodzi. Lamulo la bungwelo linali loti boma lisiye kuthandiza mafakitale ake, kuti onse azipikisana mofanana. Fakitale ya malemu inkapeza zikopa ndi magetsi motchipa chifukwa cha thandizo limenelo. Nsapato zakunja zinadzaza msika, ndipo mabwana analengeza kuti thandizo likangotha, atseka. Anthu mazana anayi akanapita kunyumba chimanjamanja.

Malemu anapita kumsika. Anagula nsapato zakunja, n'kuvala yakunja kumanzere, ya pafakitale kumanja. Anayenda choncho miyezi isanu ndi itatu: kuntchito, kumsika, kutchalitchi, ngakhale paukwati wa mwana wanga. Anthu ankanong'onezana kuti mutu wabalalika. Ndiulule pamaso panu, ine ndinachita manyazi, mpaka ndinawapempha kuti pojambula zithunzi aime kumbuyo. Zimandipweteka mpaka lero.

Pa 12 Novembala 2004, akuluakulu a boma anabwera kufakitale kudzafotokoza za kutha kwa thandizo. Malemu anavula nsapato zija n'kuziika patebulo, pakati pa makapu a tiyi. Yakunja inali itayasama kukamwa, chidendene chitadyeka. Inayo inkangofuna polishi. Ataima pasimenti mapazi ali pamtunda, anauza alendowo kuti sakupempha chifundo. Bungwe linali litalola zaka zisanu zoti thandizo lithe pang'onopang'ono. Iwo anapempha kuti pa zaka zimenezo boma lisataye thandizolo potsitsa mitengo, koma ligulire fakitale makina atsopano ndi kuphunzitsa osoka, popeza luso linalipo kale. Alendowo ananyamula nsapatozo kukaonetsa kwa owatuma. Malemu anabwerera kunyumba atavala masilipasi a mlonda.

Kuona maso a nkhono n'kudekha. Boma linamva. Thandizo linatha mu 2009, fakitale ili chiimire, osachotsa munthu ngakhale mmodzi. Lero nsapato zake zikugulidwa m'mayiko asanu ndi limodzi a bungwe lomwe lija tinkaliopa, ndipo ogwira ntchito afika mazana asanu ndi awiri.

Malemu anapuma pantchito mu 2018. Mu 2021 anapezeka ndi matenda a shuga. Anagonekedwa m'chipatala pa 3 Febuluwale chaka chino, ndipo anatisiya pa 17 mwezi womwewo, masana.

Asiya amuna awo, ana anayi, zidzukulu zisanu ndi ziwiri, ndi ife alongo awo awiri.

Tikuthokoza madokotala ndi anamwino, a mpingo, ndi oyandikana nawo nyumba amene sanatisiye tokha. Mwapadera tikuthokoza inu ogwira ntchito pafakitale. Lero, koyamba pa tsiku la ntchito, geti ndi lokhoma ndipo makina ali zii. Mwatseka nokha, mwa kufuna kwanu, kuti mudzaperekeze kapitawo wanu. Mawa seveni koloko belu lilira, ndipo aliyense wa inu ali ndi makina ake omudikira.

Achemwali, mwaigwira ntchito. Mzimu wanu uuse mumtendere.