Mawu Amene Ndinasiya Pageti

Mtendere wa Ambuye ukhale nanu nonse. Abusa, akulu a mpingo, amayi anzanga, zikomo pondipatsa mpata. Ena mukundidziwa, ena munandiiwala, ndipo sindikukuimbani mlandu. Ndine Nachisale, mkazi wa malemu a Kamwendo a ku Area 12. Pafupifupi chaka chathunthu simunandione muno.

Ine sindinabadwire m'mipanda ayi. Ndinayambira mumsika wa ku Old Town, kugulitsa zitenje. Benchi yanga inagundana ndi ya a Nangozo, awo akhala kumbuyoko. Zaka zambiri tinkadyera mbale imodzi. Mwana wanga akadwala, iwo ankandigulitsira. Wawo akadwala, ine ndinkawagulitsira. Bambo akunyumba atakwezedwa pantchito tinasamukira ku Area 12, nyumba yaikulu, mpanda wautali, mlonda pageti. Msika ndinausiya, koma a Nangozo sitinasiyane. Loweruka lililonse ankakwera minibasi, kutsika pamsewu, n'kuyenda wapansi mpaka kwathu.

Kenako bambo anatisiya. Anagwa m'bafa m'mawa, pofika kuchipatala n'kuti atapita kale. Pamaliro munabwera, munaimba, munaphika, Mulungu akudalitseni. Koma maliro atatha, achibale a bambo sanathe. Uyu akufuna galimoto, uyu akufuna masuti. Ndinatopa, abale anga. Ndinaitana mlonda wathu, a Yusufu, bambo wachikulire amene ukamuuza mawu sawagwetsa pansi. Ndinati, "A Yusufu, aliyense akabwera muziti kulibe." Anati, "Chabwino, mayi." Nambala ya foni nayo ndinasintha, yatsopano n'kupatsa mwana wanga yekha. Pouza mlonda mawu aja, ine mumtima ndinkanena za sabata imeneyo basi. Sindinatchule kuti mpaka liti, ndipo patapita masiku ndinaiwala n'komwe kuti ndinanena.

Nyumba inangoti zii. Zipinda zisanu, munthu mmodzi. Ndinkathira tiyi makapu awiri, ina n'kukataya. Ndinkayatsa wailesi kuti m'nyumba mumveke mawu a munthu. Kwathuko geti lili kutali, kuseri kwa mitengo, wogogoda sumumva. Ndiye ndinkakhala pakhonde Loweruka, kudikira, kudikira, palibe. Ndinayamba kukuweruzani nonsenu. Ndinkati, taonani Akhristu aja, bambo ali moyo ankadzaza pabalaza, lero ali kuti? Kutchalitchi ndinasiya. Koma amene ankandipweteka kwambiri ndi a Nangozo. Ndinkati, ngakhale inu?

Mwana wanga ndi mmodzi, Tadala. Ndi namwino ku Spain, anakwatiwa komweko. Tikuyankhula pa vidiyo anaona kuti ndatha. Anati, "Amayi, ndakupezerani mlangizi. Ndi mayi, amacheza ndi anthu pa intaneti, m'Chingerezi ndi m'Chisipanishi. Si za amisala ayi, ndi za tsiku ndi tsiku, chisoni, kusowa tulo, kusungulumwa."

Ndinamukalipira. "Iwe, ndikaulule za m'nyumba mwanga kwa munthu wa pafoni? Ine ndili ndi Yesu."

Anati, "Yesu muli naye, amayi, koma simukudya."

Ndinavomera kuti angondisiya.

Tsiku loyamba tinalumikizana atatu. Awiriwo anayamba ndi Chisipanishi chawocho, ine kumangowayang'ana, ndikuti basi akundijeda amenewa. Kenako Tadala anachoka, tinatsala awiri. Chingerezi cha mayiyo chinali chotsimphina ngati changa chomwechi, ndiye manyazi anandithera. Sanandilalikire. Ankangofunsa. Mwadzuka nthawi yanji? Mwadya chiyani? Lero mwayankhula ndi ndani? Lachiwiri lililonse, ola limodzi. Pomaliza ankandipatsa tintchito ngati mwana wa sukulu: mutsegule makatani, musambe dzuwa lisanakwere, muzungulire bwalo kawiri. Ndinkachita monyinyirika, koma ndinkachita.

Sabata yachinayi ndinatulutsa zonse. Ndinati anthu onse ananditaya, palibe anabwera ngakhale mmodzi.

Anafunsa, "Mukudziwa bwanji kuti sanabwere?"

Ndinati, "Sindinawaone."

"Munthu akafika kwanuko, amayamba kumuona ndani?"

"Mlonda."

"Munamufunsapo?"

Ndinapsa mtima, ndinatsala pang'ono kudula foni. Koma akuluakulu anati mlendo amadza ndi kalumo kakuthwa. Titamaliza ndinavala masilipasi, ulendo wa kugeti.

"A Yusufu, kodi kuno kumabwera anthu?"

"Ankabwera, mayi. Pano anasiya."

"Nanga bwanji simunkawalowetsa?"

Anandiyang'ana modabwa. "Munati ndiziti kulibe."

Abale ndi alongo, ndinawapempha kuti anditchulire amene anabwera. Anayamba kundiuza. Abusa anabwera kawiri. Amayi a mpingo munabwera gulu, mutasenza ufa ndi nkhuni, munabwerera nazo. Ndinafunsa, "Nanga mayi aja a kumsika?"

Anati, "Amenewo ndiye anavutika. Loweruka lililonse, miyezi itatu. Ulendo womaliza anabwera pakati pa sabata, akulira. Anati kwawo kwagwa zovuta. Uthenga wotere sindikanaubisa, ndinabwera kudzagogoda pazenera lanu. Munakuwa kuti simukufuna kumva chilichonse."

Ndinalikumbukira tsikulo. Ndinakuwadi.

M'mawa mwake ndinakwera minibasi ya ku Old Town. A Nangozo ndinawapeza pabenchi yawo yomweija, atavala zakuda kuyambira duku mpaka chitenje. Amuna awo anali atamwalira, miyezi itadutsa kale, ine osadziwa.

Anandiona, koma sanadzuke. Anati, "Abwera a ku Area 12. Mukufuna chitenje chiti, mayi?"

Ndinagwada pansi pomwepo, pafumbi, anthu akudutsa. Ndinati, "A Nangozo, ndilibe mawu."

Anati, "Ine pamaliro anu ndinagona pansi masiku atatu. Pamaliro anga ndinkayang'ana kumsewu mpaka bokosi linatsika."

Sindinatchule mlonda. Mlonda analakwanji? Ndinangolira. Patapita nthawi anasuntha mulu wa zitenje, n'kunena kuti, "Dzukani, anthu akutiona. Khalani apa." Tsiku limenelo sitinayankhulane zambiri. Ndinawathandiza kupinda nsalu mpaka nthawi yoweruka.

Lero ndikuthokoza Mulungu. Anatuma mayi wa dziko lakutali, amene sadziwa ngakhale moni wa Chichewa, kuti andifunse funso limene ine ndekha sindikanadzifunsa. Timayankhulanabe kamodzi pamwezi. Ndikuthokoza mwana wanga amene sanaope ukali wanga. Ndikudya, ndikugona, muno ndabwerera. Kawiri pa sabata ndimakhala kumsika. Sindikunamizani kuti zonse zatha. Nyumba ija idakali yaikulu, ndipo masiku ena kusungulumwa kumandigwirabe. Kukandigwira ndimatenga foni, ndimaimbira munthu, sindidikiranso kuti alote.

Mwezi wathawu a Nangozo ananditengera kumudzi, anakandionetsa manda a amuna awo. Ndinaika nkhata, ndinapemphera. Koma maliro sabwerezedwa, abale anga. Tsiku limene mnzanga ankandifuna, ine ndinali m'chipinda nditatseka makatani, ndikumuweruza.

Kumsika kuja ndinati ndilibe mawu. Lero ndawapeza, ndipo ndikufuna ndiwanene pamaso pa mpingo. A Nangozo, munabwera. Amene sanabwere ndi ine. Ndikhululukireni, mnzanga.

Dzina la Ambuye lilemekezeke. Ameni.