Laputopu ya Yotamu Imene Sinachapidwe

Linali Lachitatu, folo koloko madzulo, pamene foni ya mwana wanga Yotamu inalira m'thumba mwanga. Mwini foniyo tinali titamuika kale m'manda. Ine ndinali panjira yopita ku dziwe la kumunsi kwa dimba lathu, nditabereka laputopu yake ndi chitenje. Ndinkapita kukaiponya m'madzi.

Abale ndi alongo mwa Ambuye, dzina langa ndine Esinati, wa kuno ku Mkaika. Sukulu ndinalekezera giredi folo. Amuna anga anamwalira ana ali aang'ono, ndipo awiri onsewo, Yotamu ndi mlongo wake Dailesi, ndinawalera ndi khasu.

Yotamu anakhala mphunzitsi wa pulayimale ku Sinda. Sanakhutire. Analembetsa ku yunivesite maphunziro ochitira kunyumba, kuti adzaphunzitse masamu ku sekondale. Pambuyo pake anamukoka Dailesi kuti naye alembetse. Laputopu inali imodzi, ya onse awiri. Akabwera nayo kumudzi ankakhala pamkeka, mitu itagundana. Masamu awo ankawatchula kuti kalikulasi. M'laputopumo munali pulogalamu imene ukalemba manambala imajambula mizere yokhotakhota. Zikawavuta ankaimbira mphunzitsi wawo wa ku yunivesite, mayi wina amene ankangomutchula kuti Madamu.

Ine sindinkamvapo kanthu, koma ndinkanyada.

Kenako Yotamu anayamba kudandaula mutu. Khosi linauma. Tinathamangira naye kuchipatala, koma sanabwereko wamoyo.

Pamaliro anthu salephera kufunsa chimene chadya munthu. Ndili m'nyumba ya siwa ndinamva amayi awiri akunong'onezana kuti masamu amuwotcha ubongo. Wina anati mutu wa munthu si wachitsulo. Adokotala anali atandiuza dzina la matendawo, koma mawu awo sindinawasunge. Ndinasunga a amayi aja.

Mwambo wathu mukuudziwa. Katundu wa womwalira amayamba wachapidwa, kenako n'kugawidwa. Malaya anachapa. Mabulangete anachapa. Njinga anaitsuka. Atafika pa laputopu, mlongo wanga wamkulu, amalume ake a Yotamu, anaitembenuza uku ndi uku.

"Ichi chikalowa m'madzi chifa," anatero. "Sungani kaye inu mayi ake."

Choncho inatsala yosachapa. Kwa ine imfa inali ikadali m'menemo. Ndinaitsekera m'sutikesi, kiyi n'kumanga kunsonga ya chitenje.

Dailesi anandigwadira.

"Amama, ntchito zanga za kusukulu zonse zili m'menemo. Ndikapanda kutumiza andichotsa."

"Akuchotse," ndinamuyankha. "Ndaika mmodzi, sindiikanso wina."

Kuyambira pamenepo moyo wanga unada. Kutchalitchi ndinasiya. Amayi anzanga a Chigwirizano akabwera kudzandiona ndinkatseka chitseko, iwo n'kumaimba panja mpaka kutopa. Munda unamera tchire. Ndinayamba kuitanitsa kabotolo ka kachasu, ine amene sindinalawepo mowa chibadwire. Sindinkafuna chisangalalo. Ndinkafuna kuti mutu ukhale chete.

Dailesi ankaphika, kutunga madzi ndi kusesa. Anasiya kupempha. Foni yake anazimitsa chifukwa cha manyazi, poti anzake ankamufunsa kuti wasoweranji. Anayamba kuwonda ndikumuona, koma mumtima ndinkati bola awonde ali moyo.

Lachitatu lija ndinamupeza akuyesa kutsegula sutikesi ndi waya. Sindinamukalipire. Ndinamukankhira pambali, n'kutulutsa laputopu ija, kuibereka, ulendo wa kudziwe.

Foni ya Yotamu ndinkayenda nayo kulikonse kuti ndiziona chithunzi chake. Ndili panjira, inayamba kulira. Ndinayankha. Anali mawu a mayi, akulankhula Chinyanja cha m'tauni.

"Pepani kutuma pa nambala iyi, ya Dailesi siikulowa. Ndine ticha wake wa masamu. Ndifuna kukamba naye."

Ndinakuwa panjira pomwepo. "Ndinu! Ndinu munawotcha mutu wa mwana wanga. Tsopano mukufunanso watsalayu?"

Ndinalankhula zambiri, zina zosayenera kuzibwereza m'nyumba ya Mulungu. Iwo sanadule foni. Anadikira mpaka mawu atandithera.

"Amama, Yotamu nanenso ndinamulira. Masamu aya ndinawayamba ndili mtsikana, lero mutu wanga ndi imvi zokhazokha. Amatopetsa, ena amawatukwana, koma sapha munthu. Laputopu ili kuti?"

"Ili kumsana kwanga. Ndikukaitaya."



"Sindingakuletseni. Koma musataye chinthu chimene simunachione m'kati. Dailesi akutsegulireni kamodzi. Mukaonamo choipa, mukataye."

Foni itaduka ndinapatuka panjira. Ndinakhala pachulu. Pamenepo ndinalankhula ndi Mulungu koyamba chiikire maliro. Silinali pemphero labwino. Ndinamufunsa kuti anatengeranji mwana wanga, pamene anali atatenga kale bambo ake. Ndinamufunsa mokweza, kangapo. Sindinamve yankho. Koma ndinazindikira kuti mlandu wanga unali ndi Mulungu, ndipo poopa kumuuza ndinauponya pa chinthu chopanda moyo ndi pa mwana wamoyo.

Ndinabwerera kunyumba laputopu ili kumsana.

M'mawa mwake tinapeza batire itatha. Tinakwera minibasi ya ku Katete, n'kukafika kugolosale ya a Saidi, bambo wachisilamu amene amatchaja mafoni. Anatipatsa benchi pakhonde. Batire itatchajidwa, Dailesi anatsegula laputopu ija. Panaoneka manambala, ndi mzere umodzi wokwera msanga, kenako wopendekeka mpaka kugona.

"Ichi n'chiyani?" ndinafunsa.

"Amama, chimanga chikamera chimakula msanga. Kenako chimachepetsa, chikatulutsa ngayaye chimaima. Masamu awa amayeza liwiro la kakulidweko, nthawi iliyonse imene mungafune."

"Basi?"

"Basi. Koma ndi ovuta."

A Saidi anaseka. "Nanga mayi, mumayesa mutuluka njoka?"

Nanenso ndinaseka pang'ono, koma kusekako kunasanduka kulira. Ndinalira pakhonde la eni ake, anthu akudutsa, ndipo a Saidi anangonditengera madzi akumwa.

Dailesi anayatsa foni yake n'kuimbira Madamu. Anayamba samu imodzi limodzi. Dailesi analakwitsa. Ndinamva Madamu akuti, "Iwe Dailesi, makina akujambulira, koma kuganiza ndi kwako. Yambanso." Anayambanso, n'kulakwitsanso. Kachitatu anakhoza. Ndinayang'ana nkhope yake. Mutu sunamupweteke. Anangonena kuti ali ndi njala.

Lamulungu ndinabwera m'tchalitchi muno n'kukhala kumbuyo kwenikweni. Mapemphero atatha, abusa ndi amayi a Chigwirizano anandizungulira. Palibe anandikumbutsa za chitseko chimene ndinkawatsekera. Ndinagwada, n'kupereka moyo wanga kwa Yesu mwatsopano, pamodzi ndi mkwiyo wanga wonse. Amayi abusa ananditengeranso kwa anamwino. Iwo anandifotokozera pang'onopang'ono kuti matenda oumitsa khosi amagwira alimi, makanda, ngakhale anthu amene sanagwirepo cholembera. Ulendo uno ndinamvetsera.

Sindikunamizani kuti zonse zinakhala bwino. Kachasu sindinamusiye tsiku limodzi. Ndinagwa, amayi anzanga n'kundidzutsa, ndinagwanso, mpaka Ambuye anandichotsera ludzu lake. Dailesi analephera mayeso a kalikulasi chaka chimenecho. Nthawi imene laputopu inali m'sutikesi inali yaitali, ndipo masamu amenewa ukaphonya poyamba, za kutsogolo sizimveka. Madamu anamupemphera kwa akuluakulu kuti asamuchotse, ndipo anamulola kubwereza. Anzake apita patsogolo. Iye sanandinenepo kanthu, koma ndimaona m'mene amakhalira chete akamva kuti wina wamaliza.

Yotamu sanabwere. Alipo masiku amene ndimadzuka chifuwa chili cholemera, osafuna kuona munthu. Masiku oterowo ndimauza Mulungu mmene zilili, osabisa, ndipo sananditayepo chifukwa cha mawu anga.

Ndikumuyamika chifukwa anandigwira ndisanafike pamadzi. Anatuma munthu amene sindinamuonepo nkhope mpaka lero, ndipo anamupatsa mtima wopirira chipongwe changa. Ulemu ukhale kwa Iye.

Inu amene mwaika mwana, kapena mwamuna, kapena mkazi, ndikudziwa mmene mukumvera. Anthu akuuzani zambiri za chimene chinadya wanuyo. Musanakwiyire chinthu, musanapweteke amene atsala m'nyumba mwanu, bwerani kwa Yesu ndi mkwiyo womwewo. Musadikire kuti muyambe mwakhala bwino. Ine ndinabwera ndikununkha kachasu, ndipo anandilandira.

Tsopano Loweruka lililonse ine ndi Dailesi timapita ku Katete. Iye amakhala pabenchi ya a Saidi ndi laputopu, akuchita masamu ake ndi Madamu pafoni. Ine ndimakhala pambali pake, ndikugulitsa mtedza wokazinga woti tigulire mabandulo a intaneti.