Chiwongolero cha Mayi Akunyumba

Pasiteji ya Kasungu, anthu akudikira matola a ku Chulu, bambo wina wachikulire anakhala atafungatira chitsulo chokulungidwa m'thumba. Mayi amene anakhala naye pafupi analephera kupirira.

"Bambo, katunduyo mwamufukata ngati khanda. N'chiyani?"

"Ndi bokosi la chiwongolero, mayi. Ndikukaikitsa m'pikapu yathu yonyamulira mabelo a fodya."

"Lakale lafa?"

"Ayi, likugwira, koma ndi laulesi. Pokhota umapukusa chiwongolero mpaka kutopa, galimoto isanamve n'komwe. Ili ukangokhudza pang'ono, matayala akhota."

"Ndiye kupukusako kwakutopetsani?"

"Ine ndinazolowera. Koma maso angawa anachita ng'ala chaka chatha, ndiye akuyendetsa tsopano ndi mayi akunyumba. Sadandaula, koma tikafika ndimawamva akubuula, uku akudzisisita mapewa."

"Anaphunzira kuyendetsa ukulu uno?"

"Anakana kuti tigulitse galimoto. Anati fodya wathu sangaolere m'chigafa iwo ali ndi manja."

"Nanga inu mumatsala pakhomo?"

"Ndingatsale bwanji? Ndimakhala pambali pawo. Iwo msewu amauona, ine ndimaukumbukira. Dzenje lililonse ndimawauza tisanalifike."