Chithunzi cha pemiti ya ba neba

Aulutsi, ndiwerengereni kankhani aka. Ba neba athu ku Estates ndi mdala wa ku Malawi, anapuma ntchito ya njanji ndipo amakhala okha. Pemiti yawo yokhalira mu Zambia itatsala pang'ono kutha, anandipempha ndiwajambule ndi foni. Ine wosamva ndinawanamiza kuti, "Ba shikulu, lamulo latsopano likuti pachithunzi pakhale anthu okudziwani, apo ayi akubwezani kwanu."

Anavala jekete ya njanji nakagogoda nyumba zonse za mzere wathu. Palibe anatuluka. Atabwerera anati, "Mwanawe, kumudzi ondidziwa onse anagona kumanda. Ungaime pafupi nane?"

Ndinaima, ndinajambula tonse awiri. Ku ofesi anawaseka, anawajambula okha, pemiti inatuluka. Koma chithunzi chathu chili pakhoma pawo mpaka lero.

Kupepesa? Awe! Ulendo wina ndidzati akufuna anthu khumi. Inu a mzere wathu, ndikudziwa mukumvera: mudzatuluke.