Nthiti Zinayi ndi Nyimbo Yachitatu

Lamulungu masana a Wessel Labuschagne anali kuseri kwa nyumba yawo ku Senekal, makala atayaka kale, akukwecha waya wowotchera nyama ndi chibenthu cha anyezi, pamene alamu awo a Tertius analowa pageti chipewa chili m'manja. Tonse a mumsewu wathu tinali titatha masabata atatu tikupempherera mayi Elsabé, akazi awo a Wessel, amene anachitidwa opaleshoni ya m'chiuno ku Bloemfontein, ndiye nditamva dzina lawo kuseri kwa mpanda ndinaleka kuyanika zovala.

"Achemwali awatulutsa, alamu. Mwana wanu Ronel akuwabweretsa pagalimoto, adutsa kale pa Winburg."

"Lero?"

"Lero. Akuti zakuchipatala zawakwana, akufuna nthiti za nkhosa zowotcha pamoto wanu."

A Wessel anapukuta maso n'kunena kuti ndi anyezi. Analowa m'nyumba, natuluka ndi nthiti zinayi.

"Zatsala izi basi, ndipo kubutchala n'kotseka. Imani apo, alamu. Lamulo mukulidziwa."

"Moto wa mwini sakhudza," anatero a Tertius, amene anagwira ntchito ya zizindikiro za njanji zaka makumi anayi osaphonya lamulo ngakhale limodzi. Anaika manja kumbuyo.

A Wessel sawotcha nyama ndi wotchi. Amaika pagalamafoni chimbale chawo chakale cha nyimbo za roko, cha anyamata a tsitsi lalitali amene lero ndi agogo, n'kutsegula zenera la pabalaza. Nyimbo yachitatu ikayamba, nyama pawaya. Gitala akayamba kulira yekha, iwo amalowa kukaima pakati pa masipika awiri maso ali chitsinzire, ndipo akatuluka amatembenuza nyama kamodzi kokha. Mumsewu monse timadziwa kuti imakoma.

Nyimbo yachitatu inayamba. Mafuta anachita tswee pamakala.

"Alamu, lero musalowe m'nyumba."

"Ndisalowe? Wagitala uja akaimbire makoma?"

"Nyimboyi ndinaiwerengapo. Gitala yekhayo amatha mphindi zisanu ndi zinayi."

"N'chifukwa chake nyama imafewa. Zaka makumi atatu, munadyapo yopserera pano?"

"Ayi."

"Nanga vuto?"

"Pali chimene sindinganene."

"Musanene."

"Achemwali anandilonjezetsa kuti ndisanene pokhapokha inu mutandifunsa."

"Ndiye sindikufunsani. Ine za nyama sindifunsa munthu amene amawiritsa soseji m'madzi."

"Zinachitika kamodzi, ndipo papaketi analemba choncho."

Gitala anayamba. A Wessel anakoleka chopanira nyama pamsomali n'kulowa. Posakhalitsa mutu wawo unaonekera pazenera ukugwedera.

"Alamu," anaitana a Tertius, "utsi wasintha mtundu."

"Mvetserani apa, akukwera. Munthuyu zala zake zinali zodala."

"Poyamba unali woyera. Tsopano ndi wotuwa."

"Mundiuze ukafika pobiriwira."

"Ndikuuzani. Koma mukanandifunsa funso lija."

A Wessel anatsegula diso limodzi.

"Ndi za matenda? Adokotala anena china?"

"Ayi, chiuno chili bwino. Ndi chimene achemwali amachita inu mukalowa m'nyumbamo."

"Amasuta?"

"Sasuta."

"Amamwako mowa wanga?"

"Kamodzikamodzi, koma si chimenecho."

A Wessel anatsegula diso linalo. Nkhope yawo inagwa.

"Amatseka makutu. Nenani zoona, alamu. Elsabé nyimbo zanga sazikonda."

"Zimenezo sindikudziwa."

"Tinavina nyimbo imeneyi tsiku la ukwati wathu! Abusa anachita kutuluka mu holo."

"Ndikukumbuka. Ndine ndinawaperekeza. Alamu, nthiti ya kumanzere yagwira moto."

"Ndi mafuta chabe. Ndiye mukuti zaka zonsezi amangondipirira?"

"Sindinanene choncho. Ya kumanzere yayatsa inzake."

"Akanandiuza, ndikanagula zomvera nyimbo m'makutu zija. Ine ndimakweza dala kuti naye azimva ali panja."

"Amamva ndithu. Amamvetsera kwambiri kuposa inu, chifukwa amafuna adziwe pamene gitala akuthera."

"Mwaona? Amadikira kuti athe."

"Amadikira, koma si chifukwa chimene mukuganizacho. Funsani bwino, alamu. Simungangoti 'amatani?' Liwu limodzi lokha."

"Sindipemphetsa nkhani za m'nyumba mwanga kwa munthu wa mbendera za sitima."

A Tertius anawerama pang'ono, manja ali kumbuyobe, nayamba kuuzira utsi kumbali ngati kuti zingathandize. Anayang'ana chopanira pamsomali, anayang'ana kumwamba, milomo ikugwedera. Ndinawathandiza kupemphera ndili kwanga kuno.

"Tsopano ndi zitatu," anatero. "Yachinayi ili kumphepete, idakali moyo."

"Alekeni amalize kaye. Pano ndi pamene ng'oma zimabwerera."

"Akamaliza mudzakhala ndi makala ochuluka kuposa amene munayamba nawo. Achemwali adya chiyani?"

"Adya nthiti, monga mwa masiku onse. Chasintha n'chiyani? Waya ndi womwewo, nkhuni ndi za mthethe zomwezo, chimbale ndi chomwecho."

"Pali chimodzi chasintha."

"Chiyani?"

A Tertius anawongoka.

"Limenelo ndi funso?"

"Ayi, ndikuimba. Inde ndi funso, bambo inu!"

"Zikomo. Inu mukangolowa, achemwali amatenga nsanza, n'kuchotsa waya wonse pamoto, n'kuukhazika panjerwa apa. Amakhala pampando. Akamva kuti gitala akutsika amaubwezera, n'kukaima pomwe munawasiya."

M'nyumba gitala ankalirabe. Mutu wa pazenera sunagwederenso.

"Kuyambira liti?"

"Kuyambira chaka cha ukwati. Tsiku loyamba akuti munapsereza mwendo wonse wa nkhosa, inu n'kunena kuti nkhuni zinali zoipa."

"Zinali zoipa."

"Mwina."

"Ndiye alendo onse aja akamandiyamika..."

"Nawonso amaona. Abusa atsopanowa anawagwirirako waya pa Khirisimasi."

A Wessel anatuluka liwiro limene sindinawaonepo nalo, anatola nsanza, nakokera waya panjerwa. Nthiti zitatu zinali bii. Yachinayi inali yakuda mbali imodzi, mbali inayo yamagazi.

"Inu mwangoima pompa, manja awiri abwinobwino, osachotsa?"

"Munandiletsa."

"Ndiye nyumba ikanayaka?"

"Za nyumba simunanenepo, ndikanazimitsa."

A Wessel anaweramira pawaya. Anatenga mpeni nayamba kupala nthiti yotsalayo pang'onopang'ono. A Tertius anawagwirira mbale osauzidwa, kenaka anaiyang'ana mbaleyo ngati akufuna kutsimikiza kuti si mbali ya moto.

"Imodzi ikwana," anatero. "Odwala sadya zambiri."

"Tinene kuti galu wadya zinazo."

"Mulibe galu."

"Wa aneba."

"Nawonso alibe. Ndipo achemwali akandifunsa, ndinena."

"Nanga akapanda kufunsa?"

"Utsi uwu waonekera ku Winburg, alamu. Afunsa."

Pageti panalira hutala. Ronel anatsika n'kuyamba kutulutsa ndodo zoyendera. Mayi Elsabé anatsitsa galasi, ananunkhiza mpweya, nayang'ana amuna awo. A Wessel anavula chipewa n'kung'ung'udza mawu ena chamumtima.

"Sakumvani," anatero a Tertius. "Gitala sanathe."

"Kazimitseni."

"Galamafoninso munandiletsa."

A Wessel anapumira m'mwamba. Anayenda mpaka pakati pa kapinga, mbale ya nthiti imodzi ili m'manja, nakweza mawu kuposa gitala ndi ng'oma zomwe, moti msewu wonse unamva.

"Mayi a Ronel, ndikhululukireni! Zaka makumi atatu ndakhala ndikulandira ulemu wa nyama yanu. Tsikani bwinobwino, musafulumire, koma mukafika mundionetse mbali inayi mmene amaiwotchera."