Galu Uja Asaphedwe

Malemu anabadwa pa 9 Meyi 1961, ndipo anali achitatu m'banja la ana asanu. Makolo awo ankadandaula kuti mwanayu sangadutse chule wakufa osamutembenuza ndi kamtengo. Chidwi chimenecho anakalamba nacho.

Atamaliza sekondale mu 1980, anaphunzira zoyeza matenda a ziweto, ndipo mu 1984 anayamba ntchito mu labotale. Mu 1987 anamanga banja ndi mayi athu ali apawa.

Mu 1998, mvula itachuluka, agalu a kuseri kwa msika anayamba kufa akusanza, maso ali chikasu. Ena mwa inu munaloza chala wogulitsa nyama kuti akuthira poizoni. Musazolike, ndikukumbukira. Malemu sanaloze munthu. Anayika mkodzo wa agaluwo pa makina okuza zinthu zosaoneka ndi maso, naona tizilombo toonda ngati ulusi, topotana, topindika kumapeto ngati mbedza. Tizilomboti, totchedwa leputosipira, timatuluka mu mkodzo wa makoswe, ndipo agalu ankatimwera m'zithaphwi. Wogulitsa nyama uja sanathamangitsidwe. Malemu anafunitsitsa kudziwa mitundu yake yonse. Ankatiweta m'timabotolo kwa miyezi, n'kumatizonda m'mawa ngati odwala.

Palibe wophunzira ntchito mu labotale amene anakhudzapo mkodzo wa galu pamaso pawo popanda magolovesi. Koma mu Febuluwale chaka chino, galu wa pakhomo atadwala, iwo anakolopa mkodzo wake pakhonde ndi manja chabe, chala chili ndi bala. Ankati ndi wam'nyumba. Abale anga, kachilombo sikadziwa chibale.

Thupi litatentha, tonse tinati ndi malungo, ndipo tinachedwa. Eni akewo, ataona pagalasi kuti maso awo ali chikasu, ndi amene anauza madokotala choti ayeze. Impso zinali zitagonja kale. Ali chigonere ankafunsabe kuti ndi mtundu uti wa leputosipira umene wawapeza. Anatisiya pa 3 Malichi, yankho lisanabwere.

Asiya mayi athuwa, ana atatu ndi zidzukulu zinayi. Asiyanso galu uja, amene anachira. Ndamva kuti anyamata ena akonza kale chingwe ndi chibonga. Malemu analamula kuti galuyo asaphedwe koma ayezedwe, pakuti yankho limene ankalifuna lili m'magazi mwake. Wakutsina khutu ndi mnansi: chibongacho mukaphere makoswe, ndipo agalu anu mukawabayitse katemera.

Tikuthokoza anamwino, adzukulu okumba manda, ndi anzawo a ku labotale, amene alonjeza kudzatenga magazi a galuyo tikasesa. Yankho likabwera, tidzalilandira m'malo mwawo.

Mafunso awo atha tsopano. Mzimu wawo uuse mumtendere.