Moni wa pa Chia

Mmawa wina wa Juni, mwera ukuluma makutu, mlongo wanga Thokozire, amene anapuma pa uhedi wa sukulu chaka chatha, anandikokera ku dambo la Chia kukaona katsekwe kakang'ono kobiriwira kumsana, komwe anakapeza m'buku la mbalame la malemu akazi anga. Wopalasa bwato anali Sufiyani, msodzi wa pomwepo, ndipo ine ntchito yanga inali kugwira fulasiki ya tiyi.

"Asalamu alaikumu, achimwene! Nsomba zagwa?" anafuula Sufiyani kwa msodzi wina amene anali kutali ndithu.

"Shhh! Iwe! Ameneyo ndi munthu wachisanu kumufuulira moni," anatero Thokozire, akutsitsa magalasi oonera patali.

"Wachisanu ndi chimodzi, mayi. Uja wa m'bango simunamuone."

"Buku likuti mbalame imafuna bata. Kuyambira pano, pakamwa potseka."

"Nanga anthu ndiziwadutsa ngati zitsa?"

"Ngati zitsa."

Sufiyani anapalasa mwakachetechete kulowera ku maluwa a kakombo. Tisanayandikire n'komwe, phwaa! Akakowa, atsekwe, zonse m'mwamba.

"Watsokomola!"

"Wallahi ngakhale kupuma ndinasiya, mayi."

"Nanga zathawa chiyani?"

"Bata lanulo. Kuno bwato lachete ndi la munthu wa legeni. Msodzi amabwera akulongolola, mbalame zimamudziwa."

"Buku ili analemba ndi anthu a madigiri."

"Anakwerapo bwato pa Chia?"

"Palasa!"

"Koma mayi, mukakaona katsekweko, mukachita nako chiyani?"

"Ndilemba tsiku ndi malo."

"Kenako?"

"Basi."

"Basi? Kuchoka ku Kasungu, kuzizira konseku, osalawako ngakhale kamwendo?"

"Palasa, ndati!"

Titakhota pa bango, nkhafi inaima m'malere. Patsogolo panali kakombo wambiri, pakati pake timbalame tinayi tikuyandama, ndipo kuseri kwake mkulu wina wa kofiya yoyera akuonjola ukonde.

"Ndi timeneto! Ndi timeneto!" ananong'ona Thokozire. "Ukangoti kwe, ndikuponya m'madzi."

"Mayi, ndapota nanu. Awo ndi bambo a Laila."

"Laila ndani?"

"Amene ndikufuna kumanga naye banja. Amalume anakagogoda kale kawiri, yankho silinabwere. Akuti akuona kaye khalidwe langa."

"Uwapatsa moni pobwerera."

"Moni wa pobwerera ndi chipongwe, mayi. Mnzanga wina anawadutsa pa njinga osatsika. Mpaka lero amadziphikira yekha."

"Ingokweza dzanja."

"Dzanja? Apongozi? Ngati ndikuimitsa minibasi?"

"Mphindi ziwiri zokha!"

"Atiyang'ana kale. Taonani, asiya ukonde. Akudikira."

Timbalame tija tinatukula makosi, kuyang'ana bwato lathu lachete. Kamodzi kanatambasula phiko. Sufiyani anayang'ana Thokozire, anayang'ana kofiya yoyera ija, kenako anaika nkhafi pansi n'kugwada m'bwato momwemo, madzi akumunyowetsa maondo.

"ASALAMU ALAIKUMU, BAMBO! MWADZUKA BWANJI?"

Thokozire anatsinzina ngati munthu wodikira jekeseni. Yankho linabwera pang'onopang'ono pamwamba pa madzi, ndipo Sufiyani anafunsa za mayi kunyumba, za mwendo wa agogo, za mpunga wa kudimba. Mlongo wanga atatsegula diso limodzi, timbalame tonse tinayi tinali pomwepo, kamodzi kakudzikanda m'khosi.

"Sitinathawe," anatero motsitsa. "Achimwene, cholembera! Msana wobiriwira, nkhope yoyera... Iwe, wasiyiranji?"

"Moni watha, mayi."

Bata litabwerera, makosi aja anatukukanso.

"Pitiriza! Funsa mbuzi!"

"Alibe mbuzi."

"Nkhuku!"

"Zinatha ndi chitopa. Kuwakumbutsa si ulemu."

"Funsanso za agogo!"

"Mwendo ndi umodzi womwewo, mayi. Ndiponso munati buku likufuna bata."

"Buku silikwatira! Funsa tsiku la ukwati!"

"Aaa, mayi! Mkamwini safunsa yekha zimenezo. Imeneyo ndi ntchito ya ankhoswe."

Thokozire anandiponyera buku lija pamiyendo, n'kuimirira, bwato likupendama, tiyi akutayikira pa nsapato zanga. Diso limodzi linali pa magalasi, dzanja limodzi pakamwa ngati lipenga.

"BAMBO A LAILA! NDINE NKHOSWE YA MNYAMATAYU! TIYENI TIKAMBIRANE, KOMA MOKWEZA!"